Mlembi Anakana Kukhala Chete

Inu amene mwagwa, ndipo anthu akukuuzani kuti mungogona pomwepo, tcherani khutu mumve za mtsikana wina amene bambo ake ankamutcha Mlembi.

Tsiku limene moyo wake unafika pansi penipeni, Mlembi anali m'chipinda cholembera mayeso omaliza a kusekondale. Linali pepala la mabuku a nkhani zopeka. Funso loyamba linati: "Fotokozani zimene zimayambitsa chiwawa pakati pa anthu, komanso zotsatira zake, potengera mabuku a alembi a mu Afirika amene mwawerenga."

Anzake anaweramira mapepala n'kuyamba kulemba. Iye analemba dzina lake ndi nambala, kenako dzanja linakana. Anakhala maola awiri akuyang'ana funso lomwelo. Woyang'anira mayeso anam'dutsa katatu, ndipo kachitatuko anam'nong'oneza kuti, "Mwanawe, lemba chilichonse." Mlembi anapereka pepala loyera.

Panali patangotha masabata atatu chiwaikireni bambo ake m'manda.

Bambo akewo ankakonza mawailesi ndi mafoni m'kanyumba kamalata pafupi ndi msika waukulu. Anthu ankawatcha Bambo Mawaya, chifukwa m'thumba la malaya awo simunkasowa tizidutswa ta waya, ngakhale patsiku la ukwati wa mnansi. Anali munthu wanthabwala. Wina akabweretsa wailesi yosayankhula, ankaiika kukhutu n'kunena kuti, "Iyi sinafe ayi, yangokwiya. Mumaimvetsa nyimbo zoipa."

Mwana wawo woyambayu akaweruka kusukulu ankakhala pambali pawo, n'kumalemba mayina a eni katundu patimapepala n'kumata pa wailesi kapena foni iliyonse. Kasitomala akafunsa kanthu, bambowo ankaloza mwanayo n'kuti, "Funsani alembi anga." Dzina linachokera pamenepo.

Lachiwiri lina m'mawa, mlendo wina anasiya foni yosweka galasi, nati abweranso masana. Mlembi anali kusukulu, ndiye panalibe womata kapepala. Masanawo kunatulukira munthu wina amene anaberedwa foni m'basi tsiku lomwelo. Anaizindikira patebulo pa Bambo Mawaya, n'kukuwa kuti, "Wakuba!"

Zonse zinachitika m'kanthawi kochepa kosakwana kuwiritsa madzi a tiyi. Anthu amene ankawapatsa moni m'mawa uliwonse ndi omwewo amene anatola miyala ndi mathabwa. Apolisi anafika zonse zitatha. Palibe amene anamangidwa, pakuti msika wonse unati pa nthawiyo unali utayang'ana kwina.

Maliro atatha, amalume ake a Mlembi, amene ankayendetsa lole, anakhazika pansi mayi ake n'kuwauza kuti, "Mlongo wanga, nkhaniyi ikwirireni limodzi ndi mwini wake. Anthu mazana awiri mungawaimbe mlandu? Muli ndi ana atatu, ndipo anthu amenewa mukhala nawo m'tauni momuno."

Mayi ake anangogwedeza mutu. Mlembi anali pakhomo, ndipo anamva zonse.

Zotsatira za mayeso zitatuluka, dzina lake panalibe. Eni nyumba anawauza kuti asamuke, poopa kuti anthu angabwere kudzaiotcha. Anakapeza kachipinda kamodzi kuseri kwa garaja, komwe fungo la oyilo linkalowa mpaka m'mabulangete. Mayi ake anayamba kuchapira anthu zovala. Pampopi amayi anzawo ankasuntha zidebe zawo akamafika, ndipo azing'ono ake a Mlembi ankabwera kuchokera kusukulu akulira chifukwa chotchedwa ana a mbava.

Mlembi anayenda miyezi isanu kufunafuna ntchito. Pomaliza anaipeza pa kashopu kena kosindikizira mapepala. Mwini wake anali mayi wamtali wovala magalasi a chingwe, amene antchito ake ankawatcha a Lumo chifukwa cha lilime lawo. Pashopupo ankasindikiza makadi a ukwati, mapologalamu a maliro ndi makalendala, komanso ankasoka mabuku othothoka.

"Satifiketi uli nayo?" a Lumo anafunsa.

"Ndinalephera, mayi."

"Tsache silifunsa satifiketi. Uyambe mawa. Pano timadya za akwati ndi za anamfedwa omwe, ndiye usamasankhe nkhope."

Anayamba ndi kusesa, kenako kupinda mapepala, kenako anaphunzira kusoka mabuku ndi singano yaikulu ndi ulusi wopaka phula. Zala zake zinachita zikanga, zikhadabo zinada ndi inki.

Tsiku lina sukulu ina inabweretsa makatoni awiri a mabuku a nkhani zopeka, oti asokedwenso. Chiswe chinali chitadya m'mphepete mwa masamba, moti manambala ambiri sankaoneka. Mlembi ataona zikuto zake, anazizindikira. Ena mwa mabukuwo anali omwe aja a mayeso. Anayamba kuwasoka mothamanga, osayang'ana n'komwe zolembedwazo.

A Lumo anatola buku limodzi, n'kulitsegula, n'kulimenyetsa patebulo.

"Iwe, ukusoka buku osaliwerenga? Taona apa. Munthuyu wamwalira pakati pa buku, kutsogoloku wam'dzutsa akukwatira. Sula ulusi wonsewo. Uwerenge tsamba lililonse, udziwe lotsatira lake."

Sakanachitira mwina. Anayamba kuwerenga mokakamizika, mano atalumana. Buku loyamba linam'tengera masiku anayi, ndipo kawiri konse anathawira kuseri kwa shopu kukalira. Lachiwiri linam'tengera masiku awiri. Pofika lachisanu, ankaiwala ndi chakudya chamasana chomwe.

Kusukulu mabuku amenewa ankawaloweza kuti akhoze mayeso. Tsopano ankawawerenga ngati munthu wofunafuna m'bale wake m'chipatala, bedi ndi bedi. Anapezamo anthu obwerekana mchere amene anadzukirana ndi zikwanje chifukwa wandale wina anawauza kuti mavuto awo onse ndi mnansi wawoyo. Anapezamo mwamuna wonyozedwa ndi bwana wake kuntchito amene ankakathetsera mkwiyo pa mkazi wake, ana akuonerera n'kumaphunzira. Anapezamo anyamata osowa chochita amene ankagulidwa ndi mowa kuti akaphwanye misonkhano ya ena.

Pang'onopang'ono anayamba kuona kuti chiwawa sichigwa kumwamba ngati mvula. Chili ndi makolo ake, omwe ndi njala, mantha, bodza, ndi kutopa kwa anthu amene adandaula nthawi yaitali popanda wowamvera. Chilinso ndi ana ake, ndipo mmodzi mwa anawo anali iyeyo, pamodzi ndi azing'ono ake ndi mayi ake amene anali atasiya kuimba pochapa.

Kuzindikira zimenezi sikunam'tonthoze ayi. Kunam'kwiyitsa. Anadzifunsa kuti, ngati alembi a kutali anatha kulemba za mitembo ya kwawo, bwanji za bambo ake zikhale ngati sizinachitike?

Analembetsa makalasi a Loweruka. Chaka chotsatira analembanso mayeso, nakhoza pepala la mabuku bwino kwambiri, koma masamu anam'gwetsa. Amalume ake anati, "Mwanawe, sukulu inakukana. Pali mnzanga woyendetsa thanki ya mafuta akufuna mkazi." Mlembi anayankha mwaulemu kuti mnzawoyo apitirize kufunafuna. Analembanso kachitatu, ndipo anakhoza.

Patatha zaka zinayi chimwalirireni bambo ake, anatenga kope ndi cholembera n'kulowa mumsika uja koyamba. Ankafunsa aliyense funso limodzi: "Tsiku lija munaona chiyani?"

Wogulitsa makala anati anali kumudzi. Wosoka nsapato anati maso ake saona patali. Wogulitsa nyama, bambo wamkulu thupi amene aliyense ankadziwa kuti ndiye ananyamula thabwa loyamba, anangokhoma chikwanje chake pachipika n'kumuyang'ana mpaka anachoka.

Anabwerabe Loweruka lililonse masana. Pa ulendo wachisanu ndi chimodzi, mayi wina wogulitsa tomato anam'kodola, n'kum'khazika pa kreti kuseri kwa benchi lake.

"Wafanana ndi bambo ako pachipumi," mayiwo anatero. Anasanjanso tomato amene anali wosanja kale. "Woyamba kukuwa anali mwini foni, koma mawu ake anali aang'ono. Amene anamveka msika wonse ndi anga."

Mlembi anagwira kope lake mwamphamvu.

"Chifukwa chiyani, mayi? Anakulakwirani chiyani?"

"Palibe. Anandikonzerapo wailesi ulere. Koma mwezi umenewo ndinali nditaberedwa katatu. Wakuba wachitatuyo tinam'gwira, tinam'pereka kupolisi bwinobwino. M'mawa mwake anadutsa pabenchi panga pano akuimba likhweru, n'kutola tomato mmodzi, n'kumadya akundiyang'ana. Ndiye tsiku lija nditamva mawu akuti wakuba, sindinaone nkhope ya bambo ako. Ndinaona onse amene anandibera."

Anapukuta m'maso ndi m'mphepete mwa mpango wawo.

"Mwana wanga wamwamuna anali pomwepo, zaka khumi ndi zisanu. Anaona mayi ake akukuwa, naye anatola mwala. Chichokereni tsiku limenelo dzanja lake linapepuka. Pano ali kundende, anabaya mnzake pa nkhani ya njinga. Ndiye usaganize kuti maliro anali kwanu kokha."

Mlembi anaimirira.

"Sindinabwere kudzakukhululukirani, mayi. Ndabwera kudzalemba."

"Lemba. Koma ulembe zonse, ndi za wakuba wa likhweru yemwe."

Analemba zaka ziwiri, kuseri kwa mapepala owonongeka a pashopu, moti tsamba lina la nkhani yake kumbuyo kwake kunali nkhope ya mkwatibwi, lina ndondomeko ya maliro. Inali nkhani yopeka, mayina onse anasintha, koma aliyense wodziwa msikawo akanauzindikira. Sanalembe anthu a mumsikamo ngati zilombo. Anawalemba monga analili, anthu otopa, oberedwa, onyozedwa, amene tsiku lina anapha munthu wosalakwa n'kubwerera kukagulitsa malonda awo.

Anatumiza nkhaniyo ku makampani atatu osindikiza mabuku. Yoyamba sinayankhe. Yachiwiri inati nkhaniyo ndi yomvetsa chisoni kwambiri, anthu amafuna zachikondi. Mkonzi wa kampani yachitatu anamuitana, nam'patsa mpando ndi tiyi, n'kunena kuti, "Buku ndi labwino. Tingochotsa mutu wa apolisiwu, komanso bamboyu asafe. Avulale chabe, anthu apepese, nkhani ithe bwino."

Mlembi anasonkhanitsa mapepala ake.

"Bambo, akanapepesa sindikanalemba buku. Zikomo chifukwa cha tiyi."

Atabwerera kushopu, a Lumo anam'landa mapepalawo. Anakhala nawo masiku atatu. Tsiku lachinayi anafika maso ali ofiira, n'kunena kuti ndi chimfine.

"Pali mawu khumi ndi awiri olakwika kalembedwe, ndawazunguliza," anatero. "Ukakonza, tiyatsa makina. Tipanga mazana atatu. Usandithokoze, udzapinda wekha."

Mbiri inafika kumsika mabuku asanaume n'komwe. Lolemba m'mawa, wapampando wa komiti ya msika analowa m'shopumo ndi wogulitsa nyama uja, ndipo kumbuyo kwawo kunali amalume ake a Mlembi, chipewa chili m'manja.

Wapampandoyo anayankhula mofatsa. "Mwana wanga, ife tabwera mwamtendere. Bala lija linapola. Iwe ukufuna kulitokosa chifukwa chiyani? Buku limeneli lisatuluke."

"Linapola kwa ndani, bambo?" Mlembi anafunsa. "Kwathu silinapole."

"Mwanawe, ganiza za mayi ako," amalume ake analowererapo. "Ukutiika tonse pamoto."

Wogulitsa nyama anayandikira tebulo, n'kuika dzanja lake lalikulu pamulu wa mabuku. "Mtsikana iwe, msika uja umaudziwa. Sufuna kuuzidwa kawiri."

A Lumo anayamba kuvula magalasi kuti ayankhe, koma Mlembi anawatsogolera. Mawu ake sanakwere.

"Ndimaudziwa, n'chifukwa chake ndaulemba. Bambo anga munawatseka pakamwa asananene ngakhale liwu limodzi. Ine ndanena kale, kokwana mazana atatu. Loweruka ndibwera kudzagulitsa pageti panu. Chotsani dzanjalo, mudetsa chikuto."

Madzulo ake anawauza mayi ake zonse. Mayiwo anayang'ana manja awo otuwa ndi sopo. Kenako anati, "Ine ndinakhala chete kuti inu mukule. Mwakula. Ukavale diresi labuluu lija, ndalisita."

Loweruka m'mawa Mlembi anaika katebulo pageti la msika n'kusanjapo mabuku makumi awiri. Kunali kutagwa mvula, pansi pali matope. Ola loyamba palibe anayandikira. Kenako wogulitsa nyama anatulukira, epuloni yake ili magazi okhaokha, n'kukankha tebulolo ndi phazi. Mabuku onse anagwera m'matope.

Anthu anayamba kusonkhana. Mlembi anamva phokoso lija la mapazi ambiri obwera malo amodzi, ndipo anadziwa kuti ndi lomwelo limene bambo ake analimva komaliza. Thupi lonse linkamuuza kuti athawe.

Anawerama, n'kutola buku limodzi, n'kulipukuta padiresi lake. Analitsegula patsamba loyamba n'kuyamba kuwerenga mokweza. Anawerenga za bambo wokonza mawailesi amene ankadzuka m'mawa kukatsegula kanyumba kake kamalata, n'kumapatsa moni aliyense pomutchula dzina. Ena anam'zuma. Wina anaponya chitsononkho. Koma ambiri anangoima, ndipo ena anayamba kuyang'ana pansi. Atamaliza mutu woyamba, anatola mabuku ake amatopewo n'kupita kwawo. Sanagulitse ngakhale limodzi.

Lolemba, a Lumo atam'patsa sabata yopuma, Mlembi anabweranso pageti paja. Tsiku limenelo wina anam'thira madzi otsukira nsomba. Anapukuta nkhope n'kuwerenga mutu wachiwiri.

Lachiwiri atafika, anapeza mayi wa tomato uja akukoka benchi lawo kuchokera m'kati mwa msika. Analiika mogundana ndi katebulo ka Mlembi, n'kusanja tomato wawo, n'kukhala pansi. Wogulitsa nyama atatulukira, mayiwo anam'yang'ana m'maso.

"Ofuna kugwetsa tebulo ili ayambe ndi benchi langa," anatero. "Ine ndinalipo tsiku lija, inunso munalipo. Werenga, mwanawe. Ine sukulu sindinapite, ndimvera pomwepa."

Bamboyo analavula pansi, n'kubwerera kunyama yake. Mlembi anawerenga mutu wachitatu, womwe unali wa wakuba wa likhweru. Mayi wa tomato analira poyera, osabisa nkhope. Tsiku limenelo wosoka nsapato, yemwe uja anati maso ake saona patali, anagula buku loyamba. Analibisa m'malaya ngati chinthu chakuba, koma anagula.

Mabuku mazana atatu aja anatha m'miyezi inayi. Mphunzitsi wina wa kusekondale anagula makumi awiri n'kukawerenga ndi ophunzira ake, ndipo aphunzitsi anzake anayamba kufunsa komwe akupezeka. A Lumo anayatsanso makina kawiri, akudandaula kuti shopu yawo yasanduka ya munthu mmodzi. Kampani ija imene sinayankhe kalata inalemba yokha kupempha bukulo, ndipo Mlembi analola pokhapokha atalonjeza kuti sachotsamo ngakhale chiganizo chimodzi.

Anapita kukoleji ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, wamkulu kuposa onse m'kalasi mwake. Lero amaphunzitsa achinyamata amene akukonzekera kukhala aphunzitsi. Azing'ono ake onse awiri anamaliza sukulu, ndipo mayi ake anasiya kuchapira anthu.

Sindikunamizani kuti zonse zinakoma. Wogulitsa nyama uja sanapepese, ndipo mpaka lero akadali pachipika chake. Palibe amene anaimbidwa mlandu. Amalume ake anakhala chaka chathunthu osam'yankhula. Bambo Mawaya sanabwerere, ndipo buku silingalowe m'malo mwa bambo. Koma m'tauni imeneyo palibenso amene amatchula ana awo kuti ana a mbava, pakuti nkhani yoona inalembedwa, ndipo ana a anthu omwe aja anatola miyala akuiwerenga m'kalasi n'kumakafunsa makolo awo mafunso ovuta.

Tsono inu amene mukuwerenga, mwina nanunso anakulakwirani, kenako n'kukulamulani kuti mukhale chete kuti iwowo apeze mtendere. Mwina mwalephera kamodzi, kawiri, ndipo achibale anu omwe akuti ingovomerezani. Musavomere. Amene anakugwetsani alibe ufulu wokuuzani kuti nkhani yanu yathera pati. Lirani ngati mukufuna kulira, koma mawa mudzuke, musambe, mukaimenso pamalo pomwe anakukankhani. Akakugwetsaninso, bweraninso mkuja. Musataye mtima, ndipo musalole munthu aliyense kukutsekani pakamwa.